Transifa ya Achemwali

Pa mawu onse a Chingerezi amene analowa m'chilankhulo chathu n'kukhazikika ngati mkamwini, amene ndimadana nawo kwambiri ndi akuti transifa. Sindinayambe ndi chidani ayi. Ndili mwana ndinkawasirira. Kwathu kutsinde kwa phiri anthu amabadwira pamunda n'kukalambira pomwepo, ndiye amene ankanena kuti apatsidwa transifa anali anthu a ntchito okhaokha, aphunzitsi, alangizi a zaulimi, apolisi. Lole inkabwera n'kupakira mipando ndi matiresi, ana awo n'kukwera pamwamba akutibayibitsa ife a fumbi m'miyendo. Ndinkaona ngati transifa ndi mphoto ya munthu wophunzira.

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi anandipatsa sukulu ya pulayimale yoyandikana ndi mudzi wathu. Ndinkagona kwathu, ndinkadya kwathu. Amayi anali atakalamba, bambo anamwalira kale, ndipo pakhomo ankagwira ndi achemwali anga, amene ine ndinawaponda pamutu. Anali ndi ana atatu ndi mwamuna wawo, alamu anga, amene anabwera kudzakhala pamudzi pathu monga mwa mwambo. Achemwali anali munthu wa khasu weniweni. Chimanga, chinangwa, nandolo, zonse zinkatuluka m'manja mwawo, ndipo fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'munda womwewo.

Linali Lachiwiri, nyengo yothyola nandolo. Ndinali nditangoyamba phunziro loyamba pamene mayi wina woyandikana nafe nyumba anaima pawindo la kalasi.

"Aphunzitsi, achemwali anu yawaluma njoka."

Ndinasiya choko patebulo n'kutuluka. Ahedi sindinawatsanzike, sindinakumbukire n'komwe kuti kuli ahedi. Ndinawapeza panjira, alamu atawakhazika pa njinga akukankha. Inali mphiri. Inagona m'masamba ouma pansi pa nandolo ndipo achemwali anaiponda. Alamu anaipha n'kuisiya komweko. Phazi linali litayamba kutupa, koma achemwali ankayankhula bwinobwino, mpaka anandikalipira chifukwa chosiya ana a eni m'kalasi.

Tinafika pa chipatala chathu chaching'ono naini koloko isanakwane. Panali mzere wa amayi ndi ana pakhonde, koma chitseko chinali chokhoma. Pa chipatala chimenechi panali namwino mmodzi ndi bambo wina amene tonse tinkangoti adokotala. Namwino anali atapita ku maphunziro sabata imeneyo. Mayi wokolopa anatiuza kuti adokotala sanafike. Ndinapita kunyumba kwawo kuseri kwa chipatala, akazi awo n'kundiuza kuti atsikira ku msika.

Ndinatenga njinga ya alamu. Ndinawapeza pakhonde la golosale akusewera bawo ndi anzawo, botolo lili pambali pa phazi. Ndinatsika njinga, ndinavula chipewa.

"Adokotala, pepani. Achemwali anga yawaluma njoka, tili nawo ku chipatala. Mwendo ukutupa."

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kutaya nkhomo m'maenje.

"Ndikubwera."

"Ndi mphiri, adokotala."

"Ndamva, aphunzitsi. Nanga inuyo kalasi mwasiyira ndani?"

Anzawo aja anaseka. Ine ndinaima pang'ono, kenako ndinabwerera, chifukwa ndinaleredwa kuti munthu wamkulu akati akubwera sumukoka dzanja. Mpaka lero ndikakumbuka ulemu umene ndinachita pakhonde lija ndimadzida.

Tinadikira. Achemwali tinawagoneka pa chitenje pansi pa mtengo wa mango. Kutupa kunachoka pa phazi kufika pa katumba, kenako pa bondo. Khungu linayamba kuda ndi kuchita matuza. Anasanza kawiri. Amayi anafika ndi ndodo yawo, anakhala pansi n'kuika mutu wa mwana wawo pamiyendo, akupemphera m'Chilomwe chapansipansi. Alamu ananena kuti mwina tingopita ku boma, koma amayi ena a pamzere anati kumeneko popanda kalata ya kuno amabweza. Ine ndinali nditamvapo zomwezo. Ndinabwerera ku msika kachiwiri, ndinapeza bawo ili yokha, akuti adokotala apita kukameta.

Anafika dzuwa lili pamutu. Anatsekula chitseko, anavala chovala chawo choyera, n'kunena kuti ayamba ndi amene ali kutsogolo kwa mzere. Amayi a pamzere aja, ena ana awo akutentha thupi, anayankhula okha.

"Yambani ndi wa njokayo, ife tidikira."

"Pano amalamula ndi ndani?" anafunsa adokotala.

Anaona anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi kaye, kuti tidziwe mwini malo. Atatiitana, ine ndi alamu tinanyamula achemwali n'kuwagoneka pa bedi. Adokotala anayang'ana mwendo uja, anaudina ndi cholembera, n'kubwerera pa mpando.

"Izi si za pano. Mankhwala a njoka kuno sitisunga. Ndikupatsani transifa mupite ku boma."

Apa ndi pamene ndinaphunzira tanthauzo lachiwiri la mawu aja, ndipo ndi pamene mtima wanga umayaka ndikafika. Kuti pa chipatala chathu palibe mankhwala a njoka, bamboyo ankadziwa m'mawa pa bawo paja. Ankadziwa dzulo lake, ankadziwa chaka chatha. Akanangodzutsa mutu n'kunena kuti thamangirani ku boma, kalata ibwera pambuyo, tikanafika kumeneko phazi lokha litatupa. Sitinkapempha kuti asiye masewera ake. Mawu ochepa chabe, nkhomo zili m'manja.

Anaimba foni, anati ambulansi ili kwina ndipo sakudziwa nthawi yobwera. Analemba kalata, anaipinda n'kundipatsa. Tinapeza wa njinga yamoto pa msika. Achemwali anakhala pakati, alamu kumbuyo atawagwira, mwendo uli lende. Ine ndinatsatira pa ina. Msewu wa kwathu ndi wa miyala ndi mabampu, ndipo njinga ikagunda mwala ndinkamva kubuula kwawo ngakhale injini zinkalira.

Ku boma anatilandira mwachangu, pa ichi sindinganame. Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono kwa ine. Anawerenga kalata ija, anayang'ana mwendo, n'kutembenukira kwa ife nkhope itasintha.

"Koma anthu inu, n'chifukwa chiyani mumayamba kwa asing'anga? Taonani mwendo mmene wafikira."

"Kwa asing'anga ati?" ndinafunsa.

Anandipatsa kalata ija. Ndinali nditaisunga m'thumba njira yonse osaitsekula, poganiza kuti za madokotala si zanga. Inalembedwa m'Chingerezi, ndipo Chingerezi ndimachiphunzitsa. Inati wodwalayo wafika pa chipatala wani koloko masana, abale ake atayamba ataya nthawi ndi mankhwala a zitsamba. Ndinawerenga kawiri. Munthu uja, atatisiya pansi pa mtengo theka la tsiku, anakhala pa mpando wake n'kulemba bodza lotipachika ife, ndipo anandipatsa ine kuti ndilinyamule ndekha.

Ndinamufotokozera dokotala uja mmene zinayendera. Iye anati ayesetsa. Anayesetsadi. Koma patapita masiku anayi mnofu unayamba kuwola, ndipo anatilembera transifa ina yopita ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Kumeneko anadula mwendo wa achemwali pamwamba pa bondo. Atatsitsimuka, chinthu choyamba chimene anafunsa chinali chakuti nandolo uja anamaliza kuthyola ndani.

Titabwerera kumudzi sindinkagona tulo tabwino, sindinkadya bwino. Ndinapita kwa wapampando wa komiti ya chipatala, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi. Iwo anati madandaulo okhudza adokotala aja anali ambiri, koma anthu ankangong'ung'udza kumadzi ndi ku chigayo, wolemba panalibe. Ndinati ndilemba ine. Ndinalemba zonse, nthawi imene tinafika, bawo, mzere, bodza la m'kalata. Amayi asanu ndi awiri amene anali pamzere tsiku lija anabwera kudzadinda chala. Mayi wokolopa uja anakana, anati ali ndi ana oti adyetse, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Patapita miyezi iwiri kunabwera galimoto ya akuluakulu a zaumoyo ochokera ku boma. Anatisonkhanitsa m'chipinda cha sikelo ya ana. Achemwali tinawanyamula pa njinga kuti awaone ndi maso. Akuluakulu aja anamvetsera, analemba m'mabuku awo, anapepesa, anati nkhaniyi aitenga. Adokotala sanawaitane pa msonkhanowo. Titatuluka tinaona galimoto ija itaima pakhomo pawo, ndipo inakhalapo nthawi yaitali kuposa imene inakhala ndi ife.

Mwezi wotsatira mbiri inamveka kuti adokotala apatsidwa transifa. Anthu anasangalala. Amayi anga anati Mulungu wayankha. Wapampando wa komiti anapita yekha ku boma kukafunsa ngati pali chilango china, poti munthu wataya mwendo ndipo bodza linalembedwa. Anamuyankha kuti, "Kodi simukuona kuti tamupatsa transifa? Mukufunanso chiyani?" Anabwera n'kundiuza mawu amenewa, ndipo kwa masiku angapo ndinadzinyengerera kuti mwina ndi chilangodi.

Amene ananditsegula m'maso ndi mlonda wa pa chipatala. Tinakumana pa mjigo, iye n'kundiuza kuti transifa imeneyo adokotala anakhala akuipempha zaka zitatu. Kumene ankapita kunali m'mbali mwa msewu wa tala, nyumba ya magetsi, madzi a m'mpopi. Tsiku loti anyamuke mawa lake ndinakumana nawo pa msika. Ndinafuna kuwalambalala, koma anandiitana.

"Aphunzitsi, ndimati ndikuthokozeni. Kalata yanu ija yandithandiza. Ndinalemba zanga zambirimbiri osayankhidwa, yanu imodzi yokha yatheka."

Ankamwetulira. Anatambasula dzanja. Sindinalilandire, koma sindinachitenso china chilichonse, ndipo anthu amene analipo anaona mphunzitsi wamwano akukana moni wa munthu wamkulu. Mawa lake lole inadutsa pafupi ndi sukulu yathu itasenza mipando, ana a m'kalasi langa n'kuthamangira pawindo kukaonerera.

Wolowa m'malo sanabwere. Namwino anatsala yekha, ndipo masiku amene wapita ku boma chipatala chinkakhala chotseka. Inafika nyengo ya mvula, malungo anabuka. Anthu omwe aja amene anasangalala anayamba kutembenuka. Ndinkamva ndikamadutsa kuti uyu ndi amene anatithamangitsira adokotala, ngakhale anali aulesi koma analipo. Mwana wa banja lina atamwalira, pa maliro bambo wina ananena mokweza kuti anthu ophunzira akakwiya amavutika ndi osaphunzira. Ndinali nditanyamula fosholo kumanda pamene ankanena zimenezo. Mmodzi wa amayi amene anadinda chala anasiya kundipatsa moni.

Teremu isanathe ahedi anandiitanira mu ofesi. Anali munthu wabwino koma wamantha. Anatseka chitseko, anandipatsa envulopu osandiyang'ana.

"Yabwera dzulo. Ine sindinapemphe, ndikulumbira."

Inali transifa yanga. Ankanditumiza ku sukulu ina kutali kuchigwa, cha ku Chiwalo, kumene mvula ikagwa njira imasanduka dambo. Ndinapita ku ofesi ya zamaphunziro ku boma kukafunsa chifukwa. Bambo amene ndinamupeza anatsekula failo yanga, n'kundikumbutsa kuti tsiku lina ndinasiya kalasi popanda chilolezo, komanso kuti zikumveka kuti sindikugwirizana ndi anthu a m'dera.

"Ndiye mukundilanga chifukwa ndinatengera mchemwali wanga ku chipatala?"

"Ayi, aphunzitsi, musatero. Transifa si chilango. Ndi mbali ya ntchito basi. Munasaina nokha kuti mudzagwira kulikonse."

Ndinatuluka mu ofesi muja. Titafunsa za munthu amene anapundula achemwali anatiuza kuti transifa ndi chilango chokwanira. Nditafunsa za ine anandiuza kuti transifa si chilango. Umboni woti nkhani ziwirizi zinakumana penapake ndilibe, ndipo sindinganene kuti wakuti anayankhula ndi wakuti. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinaphunzitsa pa sukulu ija zaka zisanu ndi chimodzi popanda wondinena, ndipo ndinachotsedwa miyezi yochepa nditalemba kalata.

Ndinanyamuka pa njinga, chikwama ndi matiresi nditamangirira kumbuyo. Nyumba ya aphunzitsi kumeneko kunalibe, ndinapeza kachipinda kwa mayi wina wolima mpunga. Pakhomo pathu panatsala amayi okalamba, achemwali a mwendo umodzi, ana atatu, ndi alamu.

Alamu anapirira dzinja limodzi. Sindikufuna kuwanamizira, poyamba anayesetsa. Ankatunga madzi, amuna anzawo akuwaseka. Koma munda umene ankalima awiri unawakulira, ndipo anayamba kukhalitsa ku msika. Itatha nyengo yokolola anati akupita ku Mozambique kukagula nsomba zouma zoti azigulitsa. Anapita, anabwera, anapitanso, ulendo wachitatu sanabwere. Foni yawo inkangoitana.

Loweruka lina ndili kumudzi kunabwera mkulu wa mpingo wathu. Anakhala pa mpando, anafunsa za moyo, anazungulira nkhani ya mvula. Kenako anati anabwera kudzamva ngati banja lonse likusamuka, chifukwa alamu anatumiza uthenga wopempha transifa ya mpingo kuti azikapemphera kumene ali, kuseri kwa phiri.

Achemwali anali pa mkeka akusenda chinangwa. Anaika mpeni pansi.

"Mwawapatsa?"

"Tinawapatsa, mayi. Analibe mlandu uliwonse mumpingo. Ife timayesa mukudziwa."

"Munalemba kuti chiyani?"

"Monga timalembera. Kuti ndi Mkhristu wokhulupirika, amulandire."

Umu ndi mmene achemwali anadziwira kuti banja lawo latha. Ankhoswe sanabwere, mwamuna sanabwere kudzatsanzika, inangoyenda ndi kalata ya chidindo cha mpingo. Pambuyo pake tinamva kuti kumeneko kunali kale mkazi wina. Mkulu wa mpingo atachoka ndinayamba kulalata, ndinatchula adokotala, ndinatchula a ku ofesi, ndinatchula alamu ndi mpingo womwe. Achemwali anandisiya mpaka ndinatopa. Kenako anatolanso mpeni uja.

"Aliyense akupatsidwa transifa, achimwene. Ine ndekha ndi amene ndilibe kopita."

Sanalire pamaso panga. Mwana wawo wamkulu anandiuza pambuyo pake kuti analira masiku atatu ine nditabwerera ku ntchito.

Papita zaka zisanu tsopano. Amayi anatisiya chaka chachiwiri, ndipo uthenga unandipeza mochedwa chifukwa madzi anali atatseka njira, ndinafika anthu akuchokera kumanda. Pa chipatala chathu panabwera mayi wina amene amatsekula nthawi yake ndipo anthu amamuyamikira. Amene ankandinena aja anaiwala, ena amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Adokotala aja ndinamva kuti anakwezedwa. Achemwali amayenda ndi ndodo ziwiri. Anaphunzira kupalira atakhala pa kampando kakafupi, akumakasuntha mzere ndi mzere, ndipo Lamlungu amakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa panjira ya ku msika. Ku tchalitchi anasiya kupita.

Ine ndalemba kanayi kupempha kuti andibwezere kufupi ndi kwathu, ndikufotokoza kuti ndili ndi m'bale wolumala ndi ana atatu oti ndiwayang'anire. Kawiri sanandiyankhe. Kawiri anati malo kulibe. Ndiye Lachisanu lililonse njira ikakhala youma ndimapalasa njinga kudutsa chigwa chonse, phiri likukula pang'onopang'ono kutsogolo kwanga, ndipo Lamlungu masana ndimabwerera.

Mwezi watha ndinafika ndili ndi pepala lina m'chikwama. Mnzanga wina anandiuza kuti kuli ofesi mumzinda imene imamva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi ogwira ntchito za boma, ndipo ndinali nditalemba nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Ndinkafuna achemwali asaine. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupeta nandolo. Ndinakhala pa mwala n'kuwawerengera, ndikumasulira m'Chichewa ndime ndi ndime. Anamvetsera mpaka kumapeto, lichero lili pamwendo.

"Mwalemba bwino," anatero. "Zonse ndi zoona. Koma sindisaina."

"Chifukwa chiyani? Munthu uja akudya bwino, inu muli chonchi."

"Kalata yoyamba ija inamupatsa iye nyumba ya magetsi, inu inakutayani kudambo, amayi anafa inu kulibe. Iyi idzatitengera chiyani? Ndatsala ndi inu nokha, achimwene. Akakutumizani kumpoto ndidzatani?"

Ndinati si bwino kuti zingothera pomwepa. Iwo anati akudziwa kuti si bwino, ndipo asandinamize kuti anakhululuka, sanakhululuke ndipo sadzakhululuka. Koma chinangwa cha kumunda wa kumtunda chakhwima, mbuzi za anthu zayamba kufukula, ndipo iwo ndi ndodo zawo kumtunda kuja sangakwere.

Ndinapinda pepala lija n'kulibwezera m'chikwama. Sindinaling'ambe, lilipo mpaka pano, losasainidwa. Ndinatenga khasu ndi matumba awiri, ine ndi ana tinakwera kumtunda. Tinakumba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ana ankandiyang'ana modabwa chifukwa ndinkamenya nthaka mwamphamvu moti chinangwa chambiri ndinachidula pakati.